Jakisoni wotseka mitsempha yotupa: zimene kakanema ka pafoni sikaonetsa

Pamafoni pamayenda timakanema toonetsa dzanja lovala gulovu likubaya kasingano pa timitsempha tofiirira ta pantchafu. Mankhwala akangolowa, timitsempha tonse timazimiririka pomwepo, khungu n'kutsala see. Munthu wa mitsempha yotupa kuno ku Kasungu akaona zimenezi, funso lake limakhala limodzi: jakisoni ameneyu akubayira kuti, ndipo ndi ndalama zingati? Kakanemako sikanama, koma kamathera nkhani ili pakati. Mtsempha sunapite kulikonse. Mankhwala oyerawo angokankha magazi amene amaupatsa mtundu. Pakutha pa mphindi zochepa magazi ena amabwereramo, ndipo kukacha mwendo umaoneka moipa kuposa dzulo: pena potupa, pena pakuda, pena mikwingwirima. Timitsempha tating'ono timafota pakatha masabata 3 mpaka 6, ikuluikulu imatha kudikiritsa munthu miyezi 3 kapena 4.

Chithandizochi madokotala amachitcha sclerotherapy. Si chachilendo, si chachinyengo, ndipo chimathandizadi. Koma amene akufuna kudziwa ngati n'choyenera mwendo wake ayambe wamva chimene chinatupitsa mtsemphawo, chifukwa kawirikawiri pamene paoneka chotupa si pamene pali gwero.

Magazi savutika kutsikira kumapazi. Ntchito ili pobwerera. Munthu akaimirira, magazi a kuphazi ayenera kukwera mtunda woposa mita imodzi kuti akafike kumtima, ndipo mtima pawokha sungawakweze. Amene amawakankha ndi akatumba a kuseri kwa msongolo. Mukaponya phazi, katumba amafinya mitsempha ya mkati, magazi n'kukwera. Kuti asabwerere, m'mitsemphamo muli timavavu totseguka mbali imodzi yokha. Amene anatungapo pa mjigo wotha marabala akudziwa: umapopa, madzi amakwera, ukangosiya chogwirira atsikanso, wobwera pambuyo pako ayambirenso pansi. Vavu ya mumtsempha ikafooka zimateronso. Magazi amabwerera n'kudikha m'munsi, mtsempha umafutukuka, ndipo kufutukukako kumalepheretsa vavu yoyandikana nayo kutseka bwino. Pakapita zaka, mwendo wonse wadzaza zipiringu.

M'mwendo muli mitsempha yobweza magazi ya magulu awiri. Ina ili mkati mwenimweni, pakati pa minofu, ndipo ndi imene imanyamula pafupifupi magawo 9 mwa 10 a magazi obwerera. Ina ili pansi pa khungu. Waukulu mwa imeneyi, umene madokotala amautcha great saphenous vein, umayambira kuphazi, kudutsa pa kakolo chamkati, kukwera mpaka m'mphechepeche, ndipo ndi mtsempha wautali kuposa yonse m'thupi. Unzake umakwera kuseri kwa katumba kukalowa kuseri kwa bondo. Yotupa ija ndi ya pansi pa khunguyi pamodzi ndi nthambi zake. N'chifukwa chake dokotala amatha kutseka mtsempha popanda kupha mwendo. Anthu amafunsa kuti, “Nanga magazi aziyenda pati, adokotala?” Aziyenda mkati, mmene ambiri amayendamo kale. Mtsempha wotupawo unasiya kalekale kuthandiza, umangobwezera magazi kumene achokera.

Nthendayi imayenda kwambiri m'magazi a kumtundu. Ngati mayi anu ndi agogo anu anali nayo, musadabwe. Mimba imawonjezera, makamaka zikachuluka, chifukwa magazi amachuluka m'thupi, mahomoni amafewetsa mitsempha, ndipo chiberekero chimapanikiza mitsempha ya m'chiuno. Ukalamba ndi kunenepa nazo zimathandizira. Ndiye pali kuimirira malo amodzi. Mlimi wa ku Chamama amene amayenda tsiku lonse pakati pa munda, dimba ndi chigafa akatumba ake amapopa osaleka. Amene ali pamavuto ndi mphunzitsi woima pabolodi, wometa, wokazinga tchipisi pachiwaya, mlonda wa pageti, namwino, mayi wogulitsa kaunjika pamsika wa pa boma. Mu 1972 dokotala Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, analemba kuti mitsempha yotupa inali yosowa m'midzi ya mu Africa poyerekeza ndi ku Ulaya. Iye ankaloza chala zakudya. Kaya anakhoza pa chifukwacho kaya ayi, moyo umene ankauonawo ndi umene ambiri tikuusiya. Kumene nkhaniyi inawerengedwa bwino, chiwerengero n'chachikulu: kafukufuku wa ku Edinburgh ku Scotland amene anatuluka mu 1999 anapeza mitsempha yotupa mwa amuna 40 pa 100 alionse ndi akazi 32 pa 100 alionse. Onani bwino pamenepo, amuna ndi amene anachuluka. Kungoti buluku limabisa, ndipo abambo sapita kusikelo kumene miyendo imaunikidwa.

Madokotala amaisiyanitsa potengera kukula. Timitsempha tosakwana milimita imodzi, timene timayala ngati ukonde wa kangaude, nthawi zambiri timangonyansa m'maso. Pali ya pakatikati, ya milimita 1 mpaka 3. Kuyambira milimita 3 kupita m'mwamba ndiyo yotupa yeniyeni, yotukuka, yokhotakhota, imene imabwera ndi kulemera kwa miyendo madzulo, kuyabwa, kukokana usiku ndi kutupa kwa akakolo.

Chimene jakisoniyu amachita

Uyu si jakisoni wopatsa mphamvu kapena wosungunula magazi. Ntchito yake n'kuwononga mtsempha mwadala. Mankhwala amawaula kakhungu ka mkati mwa mtsempha, mtsemphawo umakhwinyata, makoma ake amamatana, pang'ono ndi pang'ono umasanduka kachingwe kouma kamene thupi limakameza lokha. Mankhwala odziwika kwambiri ndi awiri: polidocanol, amene poyamba anapangidwa ku Germany ngati mankhwala ochititsa dzanzi, ndi sodium tetradecyl sulfate, amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1940. Onse awiri ndi a m'gulu la sopo pa kapangidwe kake. Mphamvu yake amaisintha malinga ndi mtsempha: wa kangaude amaubaya osungunula kwambiri, osapitirira theka la 1 peresenti, pamene waukulu umafuna mpaka 3 peresenti. Kulakwitsa muyezo pamenepa ndiye kumabala chilonda.

Nzeruyi inayesedwa ku Lyon m'dziko la France m'zaka za m'ma 1850, sirinji itangotulukiridwa, koma mankhwala a nthawiyo anali aukali moti anthu ankavulala, ndipo madokotala ambiri anaisiya. Amene anaibwezera ulemu ndi George Fegan wa ku Dublin. Mu 1963 anafalitsa zotsatira za odwala oposa 13,000, ndipo mfundo yake inali yakuti kubaya pakokha sikukwanira: mtsempha uyambe wakhuthulidwa magazi, ukabayidwa umangidwe zolimba, wodwala aziyenda. Mpaka lero malangizo ake ndi omwewo.

Panali vuto limodzi lotsala. Mankhwala amadzimadzi akalowa mumtsempha waukulu amasakanikirana ndi magazi n'kutha mphamvu asanagwire khoma. Yankho lake linali thovu. Njira yofala kwambiri inachokera kwa dokotala wa ku Italy, Lorenzo Tessari, cha m'ma 2000, ndipo kuiona kumaseketsa chifukwa n'njosavuta. Masirinji awiri amawalumikiza pa kampopi ka njira zitatu. M'modzi muli gawo limodzi la mankhwala, mwinamo magawo anayi a mpweya. Dokotala amakankha uku n'kukankha uko, mofulumira, pafupifupi ka 20, mpaka mutatuluka thovu loyera mbee, lolimba. Liyenera kubayidwa nthawi yomweyo lisanaphwe. Likalowa silisakanikirana ndi magazi, limawakankha n'kudzaza mtsempha wonse, n'kukhalitsa pakhoma. Ubwino wina ndi wakuti pa makina a sikani thovulo limaoneka, ndiye dokotala amaliona pamene lafika.

Wodwala sagonekedwa tulo ndipo sagona m'chipatala. Pa timitsempha tating'ono singano yake ndi yopyapyala kuposa ya katemera wa mwana, ndipo amabaya malo ambiri pa ulendo umodzi. Zonse zimatha pasanathe ola. Akamaliza amamanga bandeji kapena kuveka sokosi yothina ya kuchipatala, n'kukuuzani kuti, “Mayi, dzukani muyende,” osati mukagone. Kuyendako ndi kumene kumateteza mitsempha ya mkati kuti magazi asaundane. Sokosi imavalidwa sabata imodzi mpaka atatu. Kawirikawiri ulendo umodzi sukwanira, ndiye powerengera ndalama muwerengerenso thiransipoti ya maulendo awiri kapena atatu.

Sikani iyambe, singano ibwere pambuyo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Zipiringu zimene zili pa katumba nthawi zambiri ndi nthambi chabe. Mavavu amene anafooka amatha kukhala kumtunda, m'mphechepeche kapena kuseri kwa bondo, mumtsempha umene maso sauona. Mukabaya nthambi n'kusiya thunthu likubwezabe magazi, mwendo umaoneka bwino kwa kanthawi, kenako mitsempha ina imatukuka pambali pa yakale. Ndalama zapita.

Chimene chimaonetsa gwero ndi sikani ya mitsempha, imene amaitcha duplex. Makina ake ndi a mtundu womwewo ndi amene amaunikira amayi oyembekezera, kungoti amaonetsanso kumene magazi akulowera. Wodwala amaunikidwa ataimirira. Wounika amafinya katumba n'kusiya, n'kuyang'ana ngati magazi akubwerera pansi. Akabwerera kwa nthawi yoposa theka la sekondi, vavu yafooka. Sikaniyo imaonetsanso ngati mitsempha ya mkati ili yotseguka, ndipo ili ndi funso lalikulu: munthu amene mitsempha yake ya mkati inatsekeka ndi magazi oundana amatha kukhala kuti akudalira ya pansi pa khungu ija ngati njira yolambalala. Kutseka imeneyo n'kumuonjezera mavuto. Kwa ine, aliyense amene akufuna kubaya mtsempha waukulu asanaunike ndi sikani, kaya chikwangwani chake n'chokongola bwanji, ndi woyenera kumuthawa.

Ngakhale gwero litapezeka, jakisoni sakhala woyamba nthawi zonse. Pali njira yowotcha mtsempha mkati ndi kawaya ka laser kapena ka radiofrequency, palinso opaleshoni yakale yomanga mtsempha m'mphechepeche n'kuusolola. Bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zachipatala ku England, mu 2013 linaika kuwotcha patsogolo, thovu pachiwiri, opaleshoni pachitatu. Kafukufuku wotchedwa CLASS, wa odwala 798 ku Britain, amene anatuluka mu 2014, anapeza kuti patatha miyezi 6 thovu linali litatsekeratu mtsempha waukulu mwa anthu pafupifupi 55 pa 100, pamene laser ndi opaleshoni zinapitirira 80. Patatha zaka 5, a laser ndi a opaleshoni ndi amene ankapezabe bwino kuposa a thovu. Thovu limapambana pa zina: n'lotchipa, silifuna fiyeta, limabwerezeka, limakwanitsa mitsempha yokhotakhota imene kawaya sikangadutse, ndipo nkhalamba imene singapirire opaleshoni imalipirira. Kwa dziko losowa zipangizo ngati lathu, zimenezo si zazing'ono. Pa timitsempha ta kangaude ta m'miyendo, jakisoni ndiye njira yodalirika kwambiri.

Zimene timakanema tija sititchula n'zakuti khungu lambiri limene mumaliona mmenemo ndi loyera, pamene lathu lili ndi nkhani yake. Mtsempha ukabayidwa, magazi otsalira amawola momwemo n'kusiya ayironi pakhungu, ndiye pamatsala mzera wakuda wotsata mtsempha uja. Zimachitikira odwala 10 mpaka 30 pa 100, ndipo khungu lakuda limakonda kuderatu paliponse pamene lavulala, ndiye banga limatha kuchedwa kuchoka. Ambiri limawathera chaka chisanathe, ena ochepa limawakhalira. Dokotala wodziwa amakuitananinso pakatha masabata angapo kuti aboole pang'ono n'kufinya magazi otsekeredwawo, ndipo zimenezi zimachepetsa ululu ndi banga lomwe. Mtsikana amene akufuna jakisoniyu chifukwa cha timitsempha timene ngakhale mnzake woyandikana naye satiwona, aganize kawiri. Akhoza kusinthanitsa chinthu chosaoneka ndi chooneka. Ndinenenso mongodutsa kuti mafuta ena oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika amakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid. Amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuyamba kuonekera, kumaso ndi m'ntchafu momwe. Wotere asanafunse za jakisoni ayambe wakambirana ndi achipatala za mafutawo.

Zovuta zina n'zosowa koma zilipo. Pena pamamera timitsempha tatsopano tofiira pambali pa pobayidwa. Mankhwala akatayikira kunja kwa mtsempha amatha kudya khungu. Magazi amatha kuundana m'mitsempha ya mkati, ngakhale zimachitikira anthu osafika 1 pa 100. Thovu limatha kuchititsa chidima m'maso kapena mutu waching'alang'ala kwa mphindi zingapo, makamaka kwa anthu amene ali ndi kabowo kobadwa nako pakati pa zipinda za mtima, kamene munthu mmodzi mwa anayi ali nako osadziwa. N'chifukwa chake malangizo a ku Ulaya amati thovu lisapitirire mamililita 10 pa ulendo umodzi. Choopsa kwambiri n'kuphonya, mankhwala n'kulowa mumtsempha wobweretsa magazi kuchokera kumtima. Pamenepo phazi limatha kuuma mpaka kudulidwa. Cha pa kakolo mitsempha iwiriyi imayandikana kwambiri.

Kwathu kuno jakisoni timamukhulupirira kuposa piritsi, ndipo pa trading centre sipalephera munthu wa kachikwama amene amabaya aliyense. Jakisoni uyu si wa anthu amenewo. Madokotala ndi ma clinical officer amalembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo kufunsa chiphaso si mwano. Chimodzimodzinso mphini. Mtsempha wotupa uli ndi magazi opanikizika ndipo khungu la pamwamba pake ndi lopyapyala. Lezala likaugwira, magazi amathamanga ngati atsegula mpopi, munthu ataimirira amatha kutaya ochuluka. Zikachitika, kaya ndi lezala kaya ndi chitsotso cha kumunda, mugonekeni pansi, kwezani mwendo pampando kuti upitirire chifuwa, dinikizani pabalapo ndi nsalu yoyera osasiyasiya, kenako kuchipatala. Musamange chingwe kumtunda kwa bala.

Si mwendo uliwonse wotupa

Pali matenda amene amabisala kumbuyo kwa mawu akuti “ndi mitsempha”, ndipo ena sadikira. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, ukuwawa, ukutentha, makamaka kwa mayi amene wangochira kumene, munthu amene wagona nthawi yaitali kapena wotsika basi ya ku Johannesburg, akhoza kukhala magazi oundana m'mitsempha ya mkati. Chibuma chake chikathothoka chimakatseka m'mapapo. Vuto limenelo ndi lothamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Miyendo yonse iwiri ikatupa pamodzi ndi phuma kapena kutupa kumaso, achipatala amaganizira mtima ndi impso, ndipo kwa mayi woyembekezera amathamangira kuyeza BP. Mabanga akuda kapena timatuza tolimba pamapazi ndi m'miyendo, mwendo n'kuuma gwa, ikhoza kukhala khansa ya Kaposi, imene ili m'gulu la khansa zofala kwambiri m'Malawi, ndipo ili ndi chithandizo chake. Chilonda cha kuchala kapena kuphazi kwa munthu wa shuga kapena wosuta fodya, phazi likuzizira, chimakhala cha magazi osafika. Kumanga bandeji yothina pa mwendo wotere n'kuupha.

Chilonda cha mitsempha yotupa chili ndi malo ake: pamwamba pang'ono pa kakolo, nthawi zambiri chamkati. Chisanabwere, khungu limada bii, limayabwa, limauma n'kulimba. Kenako kabala kakang'ono, mwina kongokandika, kamakana kupola. Mumawaona anthu otere pa depoti kapena kutchalitchi: kansalu kong'ambidwa kuchitenje kazunguliridwa pa kakolo, konyowa pakati, pansi pake pathiridwa ufa wa kapisozi, mwini wake akuingitsa ntchentche ndi mpango. Ena akhala nacho zaka, anauzidwa kuti anaponda mankhwala pamalire a munda. Chilondacho sichipola chifukwa magazi akudikhabe pansi pake, ndipo mafuta alionse opaka pamwamba safika pamenepo.

Kwa anthu amenewa ndi kumene ndimaona kuti jakisoniyu ali ndi phindu lenileni, kuposa pa zokongoletsa. Kafukufuku wa EVRA, wa odwala 450 ku Britain, amene anatuluka mu 2018, anayerekeza omangidwa bandeji yokha ndi amene anamangidwa bandeji n'kutsekedwanso mitsempha yobweza magazi m'masabata awiri oyamba. Mwa otsekedwa msangawo, theka anali atapola pofika masiku 56. Mwa enawo panafunika masiku 82. Ambiri mwa otsekedwa msanga aja anatsekedwa ndi thovu lomweli.

Ichi si chithandizo cha pa health centre. Munthu wa ku Santhe, Chulu kapena Wimbe amayambira pachipatala chapafupi, n'kutumizidwa ku chipatala cha boma cha Kasungu, kapena amapita ku zamishoni monga St Andrew's ku Mtunthama ndi Nkhamenya. Akaona kuti pakufunika katswiri wa maopaleshoni, kalata imaloza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pamsewu wa M1. Amene ayenera kulimbikira kupempha kalatayo ndi amene khungu layamba kuda, amene mtsempha unatulukapo magazi, amene mtsempha walimba n'kumawawa, ndi amene chilonda chapitirira masabata awiri osapola. Kumeneko n'kumene mungafunse kuti mwa njira zitatu zija ilipo ndi iti, ndipo yoyenera mwendo wanu ndi iti.

Mayi woyembekezera sabayidwa. Palibenso chothamangira, chifukwa mitsempha yambiri ya pamimba imaphwa yokha m'miyezi 3 kapena kuposerapo akachira. Pa za kulera, malangizo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati mitsempha yotupa payokha siletsa njira iliyonse, chimene chimasintha nkhani ndi mbiri ya magazi oundana, ndiye imeneyo muziitchula kusikelo. Sabayidwanso munthu wogonera pamphasa amene sangayende, amene ali ndi magazi oundana kumene, kapena amene pakhungu pali mafinya.

Podikira zonsezi, yendani, ndipo ngati ntchito yanu ndi yoima muzinyanyamphira pafupipafupi kuti akatumba apope. Madzulo gonani chagada miyendo ili pamwamba pa mapilo. Sokosi zothina za kuchipatala sizichotsa mitsempha, koma zimachepetsa kutupa ndi kulemera, ndipo zimateteza chilonda chopola kuti chisabwerere. Zimayezedwa ndi tepi pa kakolo ndi pa katumba, zimathina kwambiri pansi n'kumamasuka pokwera, zimavalidwa m'mawa mwendo usanatupe, ndipo pakatha miyezi ngati 6 zimakhala zitatha mphamvu. Sokosi ya mpira ya pakaunjika imachita zosemphana: lastiki yake imaluma pansi pa bondo, pamene magazi akufuna kudutsa. Mu Okutobala sokosi ya kuchipatala imatentha zedi, ndipo ambiri amaivula mwezi umenewo, womwenso miyendo imatupa kwambiri.